Mwayi Uli Kumapeto kwa Benchi

"Ndinu okondera, malume! Okondera opanda ndi manyazi omwe!"

Tsabola anakankha chitseko cha kachipinda kosungiramo zida mpaka ndodo za hoke zimene zinatsamira kukhoma zinagwa khwatakhwata. Malume ake, amene analinso kochi wa timu yawo ya atsikana ya masewero a hoke, anali atakhala pa ndowa yovundikira akukulunga tepi pa ndodo yong'aluka, ndipo sanaphethire n'komwe.

"Tola ndodozo," anatero.

"Sinditola! Mphenzi wathyoka mwendo, dokotala wamumanga chikhakha mpaka m'bondo, Loweruka tili ndi fainolo. Aliyense akudziwa kuti wolowa m'malo mwake ndine. Ndiye ndikumva zoti mwasankha Tulo. Tulo, malume?"

"Eya, Tulo."

"Amene amagwira ndodo ngati tsache uja?"

"Amasesa bwino mwana ameneyo. Tsiku lina anasesa mpira mpaka m'golo."

"Golo lathu!"

"Golo ndi golo, mphwanga. Changotsala n'kumutembenuza."

Tsabola anamva kutentha m'makutu. Chilowereni m'timuyi, iye ndiye ankayamba kufika kokonzekera, iye ndiye ankatsalira kutolera mipira m'tchire kuseri kwa mpanda, koma pa tsiku la masewero jezi yake inkabwerera kunyumba yoyera ngati ya m'sitolo. Mayi ake analeka n'kuyichapa komwe.

"Komabe iwe sungadandaule," anapitiriza malumewo uku akudula tepi ndi mano. "Pa timu yonseyi wofunika kwambiri ndiwe. Poti Mphenzi wavulala, Loweruka lonse latsamira pa iwe."

Mtima wa Tsabola unatsika pang'ono. "Ine?"

"Iwe amene. Wezulo isanalire ndikufuna ndikuone uli kale pamalo pako."

"Aa, malume, bwanji simunanene msanga?" Anawerama n'kuyamba kutola ndodo zija. "Ndikhala mbali iti? Kumanja ngati Mphenzi?"

"Kumanzere. Kumapeto."

"Kumapeto kwa chiyani?"

"Kwa benchi."

Ndodo zija zinagwanso.

"Tamvera kaye," anatero malume ake atakweza chala. "Ndakhala ndikuonetsetsa. Masewero onse amene iwe wakhala kumapeto kwa benchi ija, tawina. Sindinauze munthu, kuopa kuti matimu ena angakube."

"Tawina chifukwa Mphenzi amagoletsa!"

"Inde. Nanga akamagoletsa, iwe umakhala uli kuti?"

"Pa benchi! Poti munandiyikapo ndinu!"

"Basitu. Ndiye kochi ndani angasinthe chinthu choti chikugwira ntchito?"

"Malume, benchi ija yandidinda mizere kumbuyoku. Ndikavula, mutha kuwerenga matabwa ake."

Iwo anaganiza mozama, akusisita chibwano. "Ndikugulira katsamiro. Koma kopyapyala. Kochindikala kangatseke mwayi."

"Sindikufuna katsamiro! Ndikufuna kusewera!"

"Ukukumbuka tsiku lija unajomba n'kupita ku ukwati? Tinaluza mochititsa manyazi. Ana a sukulu anatiperekeza ndi nyimbo mpaka pa basi."

"Unali ukwati wa mkulu wake wa Mphenzi! Mphenziyo analinso komweko, atavala diresi yayitali, akugawa mbale!"

"Ukuona?" Malumewo anawomba m'manja. "Iwe utangochoka, ndi Mphenzi yemwe anakutsatira. Mphamvu zako zimandiopsa, mphwanga."

Tsabola anagwira mutu ndi manja onse awiri, nazungulira kachipindako kamodzi, akuponda masokosi onunkha ndi zotchingira miyendo zopanda zinzake.

"Chabwino. Ndikuchoka. Timu ya kufakitale yakhala ikundifuna."

"Ali ndi benchi?"

"Sindikupita kukakhala!"

"Chifukwa ndinaona ali ndi mipando ya pulasitiki. Sindikudziwa ngati zingagwire pa pulasitiki."

"Ndiuza amayi kuti mchimwene wawo wazungulira mutu."

"Mlongo wanga akudziwa kale. Anati ukadali khanda unkakhala phee pamene akuyika. Ndi mphatso yobadwa nayo."

"Mphatso! Anzanga ali ndi mphatso ya liwiro, ena ya dzanja, ine ya matako?"

"Usanyoze chimene Mulungu anakupatsa." Anatsitsa mawu, nayang'ana kuchitseko. "Sindinafune kunena izi, koma wandikakamiza. Pamene Mphenzi ankagwa, mwendo uja n'kulira thyoo, ndinacheuka. Kumapeto kwa benchi kunalibe munthu. Unali utaimirira, Tsabola."

"Ndinapita kukatunga madzi!"

"Ndiye wavomera."

"Munandituma ndinu! Munakuwa kuti, iwe, mabotolo auma, thamanga!"

Tepi inagwa m'manja mwa malumewo n'kugubuduzikira pansi pa shelefu.

"Ndine ndinakudzutsa?"

"Inuyo."

"Mayo ine! Ndathyola mwana wa eni ndi pakamwa panga!" Anadzimenya pachifuwa. "Basi. Loweruka palibe wokutuma. Madzi ndikatunga ndekha. Iwenso usamwe kanthu kuyambira Lachisanu, kuti usadzukedzuke."

Apa ndipo nzeru inamufikira Tsabola, ngati mpira wobwera wokha pandodo. Anapinda manja, nakweza chibwano.

"Loweruka sindikhala pansi."

"Wati bwanji?"

"Ndibwera, jezi ndivala, koma ndiimirira. Kuyambira wezulo yoyamba mpaka yomaliza. Mwina n'kumadumphanso."

"Usatero!"

"Ndidumpha, malume. Taonani." Anadumpha kawiri, denga la malata n'kuyankha.

"Tsika! Tsika, mwana iwe, kunjaku anzako akuthamanga, uthyola wina!" Anadzuka n'kumukankhira ndowa ija. "Khala apa tikambirane."

"Sindikhala."

"Ndikupanga kaputeni."

"Wa chiyani?"

"Wa benchi yonse. Ndi lamba wa pamkono yemwe."

"Ndiimirira ndi lamba wanuyo."

"Tikumangirira ndi chingwe."

"Ndiimirira ndi benchi yomwe kumsana. Mukudziwa kuti ndingathe."

Malumewo ankadziwadi. Anakhalanso pa ndowa, thukuta lili kamukamu, nayamba kulankhula okha akuloza m'mwamba ndi ndodo yong'aluka ija.

"Akakhala, tiwina. Koma wakana kukhala. Akaimirira, mwayi wapita. Akaimirira kunja kwa bwalo, wapita. Akaimirira m'kati mwa bwalo, wapitanso chimodzimodzi." Anaima kaye. "Ndiye poti waimirira kale, palibenso chimene ndingataye akaimirira m'kati."

"Tsopano mwayamba kuganiza ngati kochi."

"Komanso m'katimo akhoza kugwa. Akagwa chokhala, mwina zingatithandize pang'ono."

"Malume!"

"Chabwino, chabwino." Anatsegula kabati ya chitsulo, natulutsa zotchingira miyendo zatsopano zimene ankabisira alendo, namupatsa ngati akupereka mwana wakhanda. "Uyamba kutsogolo, kumanja. Tulo ndimuuza ndekha akadzuka."

Tsabola anakuwa mpaka galu wa mlonda anauwa kunja. Anakumbatira malume ake, anakumbatira kabati, anapsompsona zotchingira miyendo zija, navina kuzungulira ndowa ndodo ili m'mwamba. Chilungamo chachedwa, koma chafika ndi nsapato zake! Anali atagwira kale chogwirira cha chitseko kuti akauze dziko lonse, pamene anacheuka ngati munthu wongofunsa za nyengo.

"Nanga pamalo panga paja muyikapo ndani?"

"Mphenzi. Wati abwera kudzaonerera ndi ndodo zake zoyendera."

"Akhala pati?"

"Paliponse pamene mwendo wakewo ukwane. Mwina pakati."

Dzanja la Tsabola linachoka pachitseko.

"Pakati?"

"Eya. Pali mthunzi."

"Malume, pakati sipakhalidwa. Ndi kumapeto kwenikweni, pa thabwa la mfundo lija, theka la thupi lili panja."

"Chabwino, ndimuuza asunthe."

"Ndipo mwendo wamanzere umakhala pamwamba pa wamanja. Ukaupinda mosemphanitsa amatigoletsa nthawi yomweyo, ndinayesapo kamodzi."

Malume ake anamuyang'ana pakamwa pali yasa. "Mwendo wamanzere ndi umene uli m'chikhakhawo."

"Ndiye aupinda bwanji?"

"Sapinda. Dokotala analetsa."

"Dokotala akudziwa chiyani za fainolo? Nanga pa kona? Akudziwa kuti tikamamenya kona munthu amatsinzina diso limodzi n'kuluma kolala ya jezi mpaka mpira utuluke? Mphenzi ameneyu sanakhalepo pa benchi chibadwire! Amaimirira pa chilichonse, ngakhale mbalame ikangodutsa!"

"Mphwanga, iwe unati zonsezi ndi zamisala."

"Zamisala ndi zanuzo, zongoyikapo munthu aliyense ngati thumba la makala! Ntchito imene ija ndi ya luso!" Anaponya zotchingira miyendo pa shelefu, nazitolanso msanga n'kuzikumbatira. "Ine ndilowa, zimenezo sitibwereranso. Koma tsiku langa loyamba m'bwalo lisakhale tsiku loluza chikho, anthu azidzati tinagonja chifukwa Tsabola anasewera. Ayi!"

"Ndiye titani? Tulo?"

"Tulo angagwe chagada wezulo isanalire!"

Anawayandikira mpaka mphuno zinatsala pang'ono kugundana, ndodo ya hoke italoza pachifuwa pawo.

"Inu ndinu kochi wa mtundu wanji, wochotsa munthu wodalirika pa benchi fainolo itafika, opanda n'kukonzeratu womulowa m'malo? Ine ndikakhala m'bwalo, paja pakhala ndani wodziwa ntchito? Musayang'ane kudenga, malume. Yankhani!"