Mayi Fainess Mulipa, Amene Anadikira Ng'oma Yomaliza

Malemu Mayi Fainess Mulipa, amene agona pakati pathuwa, anabadwa pa 14 Malichi 1956 kwa Mphuka, m'banja la Bambo ndi Mayi Namaona. Anali achitatu mwa ana asanu ndi awiri. Makolo athu anachokera kutsidya ku Mozambique, ndipo anafika kuno alibe mbuzi, alibe munda, atangosenza mphasa ndi ng'oma imodzi ya tchopa. Ine amene apabanja andiimika pano ndine Bizwick Namaona, mlongo wawo wamng'ono. Mafumu, Bambo Mfumu, akuluakulu a esiteti ndi inu nonse anamalira, mundikhululukire mukandiona ndikumwetulira penapake. Mtima ukundiwawa ndithu, koma mbiri ya achemwali angawa siwerengeka ndi nkhope yokwinya.

Mu 1963 anayamba sukulu ya mishoni, ndipo analekeza Sitandade 5 mu 1969, bambo athu atamwalira. Tisanamizane pamaso pa Mulungu, masamu ndi achemwali sankamwerana madzi. Koma ikafika nthawi ya nyimbo, mphunzitsi ankakhala pansi, kalasi yonse n'kuyang'ana pakamwa pa iwo.

Mu 1972 analembedwa ntchito yothyola tiyi pa esiteti yathu ino. Ambiri muli pano ntchitoyi mukuidziwa: dengu kumsana, mame mpaka m'chiuno, chiperoni chikulowa m'mafupa, masamba awiri ndi kansonga kuyambira m'mawa mpaka kusikelo. Malemu ankayambitsa nyimbo pamzere, anzawo n'kuvomera, manja n'kumathamanga okha. Mu 1989 anawakweza kukhala kapitawo, ndipo anagwira udindowu mpaka anapuma pantchito mu 2013. Amene anadzudzulidwapo ndi iwo akudziwa kuti mawu awo sankafuna chimkuzamawu.

Pa 9 Ogasiti 1975 anamanga ukwati woyera ndi Bambo Jonas Mulipa, amene ankasonkheza moto wa boyila ku fakitale. Bambo Mulipa anali munthu wofatsa ngati madzi a mumtsuko, koma akakhala pang'oma ankasanduka wina. Kwathu tinkawaseka kuti achemwali anakwatiwa ndi ng'oma, alamu athu anangobwera ngati basela. Mulungu anawadalitsa ndi ana anayi.

Tsopano ndifike pa chimene chasonkhanitsa khamu lonseli, chifukwa si ife a Namaona amene tili ndi abale ochuluka chonchi. Chilimwe cha 1998 chinali chowawa. Tiyi anali atadulidwa, dzuwa likuswa mtengo, antchito a nyengo ataimitsidwa, ndipo m'malayini, m'nyumba za antchito, munangoti zii. Anyamata ankadzukira ku kachasu. Tsiku lina malemu anakatsegula kachisakasa ka kuseri kwa nyumba yawo, n'kupeza kuti mu ng'oma ija makolo athu anaisenza kuchokera kutsidya, nkhuku yaikiramo mazira. Anatiuza kuti tsiku limenelo anachita manyazi kuposa tsiku lina lililonse pamoyo wawo. Nkhuku anaithamangitsa, mazira anakazinga, ng'oma anaipereka kwa amuna awo kuti aikunge chikopa chatsopano.

Anakapempha kwa a manijala bwalo lakale la kuseri kwa sikelo. A manijala anaopa moto, poti ng'oma ya tchopa silira bwino asanaiwambe pamoto, ndipo chilimwe kamoto kakang'ono kangathe kupsereza bulugamu yense wa esiteti. Malemu anakumbitsa dzenje pakati pa bwalo, n'kuika zidebe zamadzi mozungulira, ndipo nkhani ya moto inathera pomwepo. Nsanja panalibe. Anayenda mpaka ku Bvumbwe kwa Che Asumani, mwini lole yonyamula nkhuni za ku fakitale, amene akazi awo, Mayi Zaina, anali anzawo a malemu a ponda apa nane mpondepo. Che Asumani anapereka lole yawo kuti ikhale nsanja, koma anati gulu la sikiri la ku mzikiti kwawo lisasiyidwe. Malemu anayankha kuti bwalo lilibe mpingo.

Pa 26 Seputembala 1998 kunachitika chikondwerero choyamba cha Dengu Pansi. Magulu anali anayi okha: tchopa, likwata, sikiri ndi kwaya imodzi. M'mawa malemu anatenga dengu lawo lothyolera tiyi n'kulivundikira pakati pa bwalo, kusonyeza kuti lero msana upume. Dzuwa litapendeka, ng'oma yomaliza italira, analivundukula n'kulibereka, anthu n'kubalalika. Mwambo umenewu ndi womwe mwakhala mukuuona Loweruka lomaliza la Seputembala chaka ndi chaka.

Pofika 2010, magulu ankachokera kwa Mphuka, kwa Nchilamwela, ku Bvumbwe ndi kwina kutali. Kunabwera anyamata a magitala a zigubu, alakatuli, a zisudzo a m'masukulu, oumba mbiya, oluka madengu, osema ziboliboli. Ena mwa oimba amene lero mumawamva pa wailesi anayambira pa lole ya Che Asumani. Maukwati amene anayambira pabwalo lija sitingawawerenge, ndipo ena mwa eni ake ndikuwaona akuyang'ana pansi.

Lachitatu pa 21 Seputembala 2011, chikondwerero chili pafupi, Bambo Jonas Mulipa anatisiya mwadzidzidzi. Mwambo wathu tonse tikuudziwa: pamudzi pakagwa maliro, khasu siligwira nthaka, ng'oma ya chisangalalo silira. Achemwali eni ake ndiwo anatumiza uthenga woti chikondwerero chalephereka. Magulu amene anali atanyamuka kale anafika n'kukhala pasiwa. Tinayesa kusuntha tsiku, koma pomwe tinkameta, anthu anali atalowa m'minda, mvula inabwera msanga, tiyi anaphuka, madengu anabwerera kumsana. Chaka chimenecho bwalo linamera udzu.

Mu Januwale 2012 a esiteti, poona malo ongokhala, analima theka la bwalo n'kubzalapo mitengo ya makademiya. Malemu anali akadali ndi nsalu yakuda. Sanalembe dandaulo, sanatukwane munthu. Anatenga amayi a likwata ndi amuna a tchopa, n'kukavina pakhomo pa ofesi mpaka a manijala anatuluka. Pamaso pa mafumu anagwirizana kuti theka lotsalalo likhale bwalo malinga ngati ng'oma ikulirapo chaka chilichonse, koma chaka chimodzi chikadzangodumpha, thirakitala idzamaliza ntchito yake. Chiyambire pamenepo palibe chaka chinadumpha. Ngakhale mu 2020, chaka cha mliri, anasonkhana ochepa, atatalikirana, nsalu kukamwa, koma dengu linavundikiridwa ndipo ng'oma inalira. Makademiya aja anakula, ndipo lero ndi amene amatipatsa mthunzi poonera magule. Malemu ankakonda kuthokoza a esiteti chifukwa chowabzalira denga.

Mu Meyi chaka chino cha 2024 anayamba kudandaula m'mimba. Tinapita nawo ku chipatala cha boma, kenaka ku Blantyre, kumene anapeza kuti ndi khansa ndipo yafalikira. Pa 12 Seputembala madokotala anatiuza mwaulemu kuti tiwatengere kunyumba. Anati mwina atsala ndi sabata imodzi. Chikondwerero chinali pa 28.

Tonse tinadziwa chimene chinali patsogolo pathu, koma panalibe wolimba mtima kuchitchula. Anachitchula ndi iwo eni. Anatiitana n'kutiuza kuti akafa Loweruka lija lisanafike, maliro awo omwe ndi amene adzapha chikondwerero, ndipo bwalo lidzapita. Mwana wawo woyamba, a Philip, mwachikondi ndi mwamantha, ananong'oneza abale kuti zikachitika tikasunge thupi mwakachetechete ku chipatala, tidzalengeze Lamulungu. Khoma la nyumba za m'malayini mukulidziwa kupyapyala kwake. Malemu anamva, n'kunena kuti iwo si mbuzi yakuba yoti ibisidwe. A Gracious, mwana wachitatu, anati ndiye tivine basi ngakhale maliro alipo. Izinso malemu anakana. Anati sanayambitse Dengu Pansi kuti ana adziwe mwambo wa ng'oma n'kuiwala mwambo wa maliro, ndipo palibe munthu wa kwa Mphuka angaponde bwalo mnzake atagona m'nyumba. Titawafunsa kuti nanga titani, anati ifeyo tikasese bwalo, zotsalazo ndi ntchito yawo.

Anamalira, ine ndaona anthu akulimbana ndi ntchito, koma sindinaonepo munthu akugwira ntchito yokhala moyo ngati mmene anachitira achemwali angawa. Moyo wawo wonse ankanyoza phala kuti ndi chakudya cha makanda. Masiku amenewo ankalimwa ngati akupikula ndime, supuni ndi supuni, misozi ikutsika, likabwerera n'kuyambiranso. Amayi a mpingo atabwera kudzawaona n'kuyamba nyimbo zozizira, anawaletsa, nati nyimbo zimenezo azisunge, nthawi yake ikubwera, pakali pano aimbe zofulumira. Bambo Mfumu atabwera kudzawadzoza, analandira sakramenti ndi mtima wonse, kenaka anawapempha kuti akauze Mwini wake kuti kubwera abwera ndithu, koma adikire pang'ono, kuli alendo. Bambo Mfumu ali pompano, akhoza kunditsutsa.

Lachinayi la sabata yomaliza anasiya kuyankhula, ndipo manja anazizira. Amayi anayamba kusuntha mipando m'nyumba. Ineyo ndinatuluka panja kukalira, ndikuti bwalo lapita, achemwali apitanso. Mwana wawo wachiwiri, a Teleza, anaitana oimba ng'oma kuti akonzekere kuseri kwa nyumba m'malo mwa kubwalo. Anatenga ng'oma ija ya makolo, naiwamba, naiimba. Tili chiyang'anire, chala cha malemu chinayamba kugunda pamphasa, kenaka anatsegula maso n'kunong'oneza kuti woimba ng'oma yaing'ono akuthamanga kwambiri. Sindinasangalalepo ndi chidzudzulo ngati tsiku limenelo.

Loweruka pa 28 Seputembala kunacha bwino, kumwamba kopanda kamtambo. A Nuhu, mwana wa Che Asumani, amene tsopano ndiye amayendetsa lole, anaiimika pakhomo penipeni. Tinawanyamula pa matiresi n'kuwagoneka pansanja, Mayi Zaina atawagwirira ambulera. Lole italowa m'bwalo, khamu lonse linaimirira, nthungululu zinamveka mpaka ku fakitale. Magulu anali makumi atatu ndi limodzi, kuposa chaka china chilichonse. Dengu anavundikira okha ndi dzanja limodzi. Tinawapempha kangapo kuti tiwabwezere kunyumba akapume, koma ankangopukusa mutu. Anaona sikiri, anaona zisudzo za ana a sukulu, anaseka ndakatulo ina yonena za ukali wa akapitawo. Amuna a tchopa anavina mozungulira lole mpaka fumbi linafiiritsa masamba a makademiya. Dzuwa litapendeka, ng'oma yomaliza inalira. Malemu analoza a Teleza. A Teleza anatsika, navundukula dengu, nalibereka, ndipo mayi awo anawomba m'manja kawiri.

Lamulungu pa 29 Seputembala, belu la Misa yachiwiri likulira, anafunsa ngati alendo a kwa Mphuka anafika bwino kwawo, ndiponso ngati moto wa m'dzenje unazimitsidwa. Titawauza kuti zonse zili bwino, anati tsopano phala lija tichotse. Anatisiya mwakachetechete, ali ndi zaka 68.

Malemu asiya ana anayi: a Philip, a Teleza, a Gracious ndi a Alesi. Asiya zidzukulu khumi ndi zitatu, zidzukulutudzi ziwiri, ndi ife abale awo atatu. Asiyanso bwalo, lomwe likadali bwalo.

Apabanja akuthokoza madokotala ndi anamwino amene anatisamalira, Bambo Mfumu ndi amayi a mpingo, mafumu athu, adzukulu amene akonza nyumba yomaliza, ndi amayi amene ali kumoto chiyambire Lamulungu. Tikuthokoza banja la Che Asumani, amene lole yawo inanyamula malemu kupita kubwalo Loweruka ndipo iwanyamulanso lero kupita kumanda. Tikuthokoza akuluakulu a esiteti chifukwa cha nkhuni ndi matabwa, komanso chifukwa chosunga pangano. Thirakitala ija, mabwana, ipumenso chaka chino. Magulu nonse amene munangofika kwanu n'kutembenukanso, Mulungu akubwezereni. Musaiwale njira, chifukwa a Teleza akuti pa 27 Seputembala chaka chamawa dengu lidzavundikiridwa monga mwa nthawi zonse.

Amayi a mpingo, nyimbo zija anakuuzani kuti musunge, nthawi yake ndi ino.

Achemwali, lero ng'oma zonse zili chete chifukwa cha inu, monga mwambo unenera, koma munaonetsetsa kuti ziyambe zalira. Mwabereka dengu zaka zambiri, tsopano litsitseni. Ambuye akulandireni, ndipo mzimu wanu uuse mu mtendere.