Mpando Umodzi m'Basi ya ku Haifa

Pa siteji ya basi mumzinda wa Haifa, a Fawzi, Mwarabu wachikulire, ankakangana ndi Myuda wina wosamudziwa za amene anayambitsa nkhondo yolimbirana dziko pakati pa mitundu yawo.

"Agogo anga anali ndi nyumba mumzinda wa Yafa inu musanabwere kudzatilanda," anatero a Fawzi.

"Bambo, ifetu tinali kuno kalekale Aroma asanatithamangitse."

"Kiyi wa nyumba yanu yakaleyo muli naye? Ine wanga ndili naye!"

Basi itafika, munali mpando umodzi wokha.

"Khalani, achimwene, munayamba ndinu kufika," anatero a Fawzi.

"Ayi, ndakupezani. Khalani inuyo."

"Ndalumbira, sindikhala!"

Akukankhirana choncho, mlendo wa ku Mangalande anangokhalapo, n'kutambasula mapu.

"Mwaonatu?" Myuda uja ananong'ona. "Mngelezi."

"Ali ndi mapu, achimwene. Musamubwereke cholembera, angatigawirenso dziko ngati mmene anachitira makolo ake," anatero a Fawzi.