Chikope cha Bambo a Brave

Ku Katoto kuno ndani sakudziwa kuti a Boniface, akalaliki a boma aja anachokera ku Dowa, zikope zawo zinatuluka zotupa zachikasu zolimba ngati nandolo wouma, mpaka diso lakumanzere likukana kutsekeka? Ndiye Lachisanu masana akuchokera kuchipatala, anapeza akazi awo a Martha akuponya zitenje m'chikwama, poti aNyaGondwe apaneba anali atafika kale ndi nkhani yotentha, yoti anamva ndi makutu awo namwino akuuza bamboyo kuti akayezetse magazi.

"Mayi a Brave, ulendo wa kuti?"

"Kwathu ku Mponela. Mundiyankhe chimodzi chokha. Akuti mukayezetse magazi, zoona kapena bodza?"

"Zoona. Lolemba, eyiti koloko."

"Hii! Osachita n'komwe manyazi!"

"Manyazi ndinali nawo poyamba," anatero a Boniface akuvula jekete. "Panopa ndazolowera. Kuofesi onse akudziwa."

"Onse?"

"Ndi amesenjala omwe."

A Martha anakhala pabedi, n'kudzukanso ngati akhalira singano. Mu Mzuzu muno munthu akati kuyezetsa magazi amanena chinthu chimodzi basi, ndipo iwo sanabadwe dzulo.

"Zinayamba liti?"

"Chaka chatha, kusemina ya ku Karonga ija."

"Ndinadziwa ine! Masemina! Ndi ndani?"

"Tinalipo ambiri. Koma woyamba anali Lettie wotayipa uja. Anati, bwana, tasenderani kuno ndione bwino."

"Inu n'kusendera?"

"Nanga akanaona bwanji ndili kutali?"

Chitenje china phii m'chikwama. Nsapato zakutchalitchi pamwamba.

"Ndiye Lettie yekha?"

"Ayi, lero ndinali ndi wina. Wa ku Lilongwe, amabwera kamodzi pamwezi."

"Wamkazi?"

"Wamkazi. Waulemu chomene, ngati mmene amanenera eni dera kuno. Anatseka chitseko, anazimitsa magetsi, n'kundiuza kuti, yang'anani ine, musaphethire."

"Mayo ine! Masanasana?"

"Akuti mumdima ndi momwe amaona bwino."

"Bambo inu, khalani chete!"

"Mwandifunsa nokha. Anatinso chiyambire ntchito yake sanakumanepo ndi munthu ngati ine. Mpaka anandijambula."

"Anakujambulani!"

"Pafupi kwambiri. Akuti akaonetse anzake."

A Martha anagwira pachifuwa. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu akusitira munthuyu mashati, kumupakira mankhwala a m'botolo pazikopezo mmawa uliwonse, kumuteteza kwa amayi a kumvano onena kuti akuoneka ngati walumidwa ndi mavu, kodi malipiro ake ndi amenewa?

"Dzina lake ndani hule ameneyo?"

"Aaa, mayi a Brave, dokotala wa maso simungamutchule choncho."

"Dokotala?"

"Nanga mumati ndani?"

A Martha anasiya kaye kulongedza. Koma amayi amenewa akangoyamba ulendo, ngakhale mvula ya ku Mzuzu siwabweza.

"Musandipusitse. Diso lili kumutu, magazi akukatenga pamkono. Zikugwirizana pati?"

A Boniface anatulutsa kapepala m'thumba, n'kukatambasula bwinobwino ngati kalata ya bwanamkubwa.

"Akuti zotupazi ndi matenda a khungu osowa kwambiri, ndipo kawirikawiri gwero lake limakhala m'magazi. Magaziwo amapanga zinthu zina zochuluka zosafunika, ndiye zimatulukira muzikope. Akapanda kupeza msanga, chikope chimakokeka, diso limauma, mapeto ake osaona. Mwina atenganso mafuta a m'fupa. Dzina lake ndi ili, taonani."

A Martha anasuzumira pakapepalapo, milomo ikuyesa kuwerenga, koma inagonja pakati panjira.

"Dzina lalitali ngati msewu wa ku Ekwendeni! Lobisira limeneli. Matenda enieni amakhala ndi dzina lalifupi."

"Akuti si opatsirana."

"Amuna onse amatero."

"Si ine, ndi dokotala."

"Wozimitsa magetsi yemweyo?"

"Yemweyo."

"Eyaa. Yewo, bambo. Tsalani ndi dzina lanulo."

Anakoka zipi, kusenza chikwama, ulendo wa pakhomo. A Boniface anawatsatira, diso limodzi likuphethira, linalo lili tong'oo.

"Nanga mankhwala a m'botolo andipaka ndani? Ndekha ndimaphonya."

"Lettie amaona bwino mukasendera."

"Lettie sagwira ntchito Loweruka."

"Ambuye, ndigwireni manja!" A Martha anatsegula chitseko. Kuseri kwa mpanda mutu wa aNyaGondwe unatsika msangamsanga. "Ndikafika ku Mponela ndikauza amalume zonse. Kuti munthu wanu uja watenga kachilombo kumasemina, akubisala kuseri kwa chikope."

"Kachilombo?" A Boniface anaima chilili. "Ooo! Nthawi yonseyi mukunena za kachilombo? Bwanji osanena? Zimenezo n'zosavuta. Chipinda choyezera kachilombo chili kuchipatala komweko, khomo lachiwiri. Lolemba tipitire limodzi, atiyeze tonse awiri, zotsatira atiwerengere pamodzi."

A Martha anatembenuka.

"Tonse awiri?"

"Inu ndi ine. Mphindi makumi awiri basi."

A Martha anatseka chitseko pang'onopang'ono. Anatula chikwama, anatsegula zipi, n'kuyamba kutulutsa zitenje chimodzichimodzi, akuzipinda mosamala kuposa poyamba.

"Bambo a Brave, inu mumakonda kusokoneza nkhani. Dokotala wanena za diso. Ine maso anga atani?"