Kufufuza Mkamwini Pakati pa Nyanja

A Bwererani anapatsidwa dzinali chifukwa kwa zaka makumi atatu ankayesa anthu ofuna laisensi ya galimoto, ndipo iwo ankangouza ambiri mwa anthuwo kuti, "Bwererani, mudzayesenso." Mwana wawo wamkazi, namwino, atawagulira tikiti ya ulendo wa tsiku limodzi wokaona nyanja ya m'paki, anavomera pa chifukwa chimodzi: ankafuna kukafufuza mwakachetechete za mwamuna wogwira ntchito kumeneko amene ankafuna kukwatira mwanayo, mwamuna amene iwo anakana kumuona ngakhale kumva dzina lake. Chomwe sankadziwa n'chakuti woperekeza alendo amene anawalandira potsika minibasi, wa yunifolomu yosita bwino ndi nkhope ya munthu wosadziwa nthabwala, anali yemweyo. Namwino uja anali atamulangiza zinthu ziwiri zokha: "Usawauze kuti ndiwe mpaka afunse okha. Koma usawanamize."

Atatsika masitepe a matabwa odutsa m'nkhalango, nyanja inaonekera, yobiriwira, itazingidwa ndi mapiri a mitengo yothithikana. Alendo ena onse anakwera bwato la injini. A Bwererani analikana, akuti woyendetsa wake anabwerera chambuyo osacheuka. Motero anatsala awiri pambali pa kabwato kopalasa.

"Nyanja ndi imeneyi, bambo," anatero woperekezayo. "Pakatikati pake m'pakuya kwambiri, ndipo kutsidya uko kuli mathithi amene..."

"Ndakufunsa?"

"Ayi."

"Ine ndimafuna mayankho a mafunso amene ndafunsa. Zinazo sunga."

"Chabwino, bambo. Valani jekete iyi."

"Ya chiyani?"

"Yoyandamitsa munthu akagwera m'madzi."

"Ine ndikuoneka ngati munthu wogwera m'madzi?"

Woperekezayo anawayang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kumapazi. "Pang'ono, bambo. Nsapato zanuzo n'zoterera."

"Sindivala."

"Bwato silinyamuka mlendo asanavale."

"Ndiye tikhala pompano."

"Chabwino."

Anakhala m'kabwatomo, chingwe chili chimangire, akuyang'anizana. Pusi wina anatsika mumtengo, n'kukhala pamwala kumawaonerera. Bwato la injini linafika pakati pa nyanja n'kuzimiririka.

"Iwe, sundinyengerera?"

"Simunandipemphe, bambo."

"Nanga ndikakuuza kuti abwana ako ndimadziwana nawo?"

"Ndingakondwe kuti muli ndi anzanu."

A Bwererani anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anatambasula dzanja. "Bweretsa. Ndikuvala chifukwa kwayamba kuzizira."

"Kukutentha, bambo. Mukutuluka thukuta."

"Ndakufunsa?"

Woperekezayo anawamanga malamba, n'kumasula chingwe. Anacheuka kumanzere, kumanja ndi kumbuyo, kenaka anaviika nkhafi m'madzi.

"Hmm. Wacheuka usananyamuke. Anakuphunzitsa ndani?"

"Inuyo, bambo. Munandibweza kawiri."

"Kawiri kokha? Ndiye unali wabwino." Anakonza chipewa, n'kuweramira kutsogolo, mawu atatsitsa ngakhale panalibe wina womva. "Tamvera. Muno m'paki muli munthu wina amene ali pachibwenzi ndi namwino. Ukumudziwa?"

Nkhafi inaima m'malere, madzi akudontha. "Ndikumudziwa."

"Bwinobwino?"

"Palibe amene amamudziwa kuposa ine."

"Eya! Namwinoyo ndi mwana wanga. Ndabwera kudzafufuza. Koma iyeyo asadziwe kuti ndili kuno."

"Zimenezo zivuta, bambo. Wadziwa kale."

"Wamuuza ndani?"

"Anakuonani potsika minibasi."

"Osabwera kudzandipatsa moni?"

"Anakupatsani. Koma munali kukalipira dalaivala za mabuleki."

"Moni wa munthu wamantha umenewo. Ndi wooneka bwanji?"

"Msinkhu ngati wangawu."

"Nkhope?"

"Nkhope sindiiona kawirikawiri. M'mawa mokha, pometa ndevu."

"Amakumeta?"

"Eya."

"Ndiye ndi wometa anthu?"

"Ayi, amameta ine ndekha."

"Kasitomala mmodzi! Ha! Nyumba ali nayo?"

"Amakhala m'nyumba yanga."

"Unamupatsa chipinda?"

"Chipinda n'chimodzi, bambo."

"Nanga amagona pati?"

"Pabedi panga."

"Iwe n'kumagona pansi?"

"Ayi, pabedi pomwepo."

"Mayo ine!" A Bwererani anavula chipewa n'kudzikupiza nacho. "Munthu wofuna kukwatira, alibe ndi bedi lomwe! Amadya chiyani?"

"Chilichonse chimene ndaphika."

"Mbale amatsuka ndani?"

"Ndine."

"Kuchapa?"

"Ndine."

"Zovala ali nazo zake?"

"Amavala zanga."

"Lero wavala chiyani?"

Woperekezayo anayang'ana pachifuwa pake. "Yunifolomu yanga."

"Usandiuze kuti ndi mswachi womwe..."

"Ulipo umodzi, bambo."

"Asa!" A Bwererani anadzambatuka n'kuimirira. Kabwato kanapendekera kumanzere, madzi n'kulowa ndowa yathunthu. Nsapato zija zinaterereka, mwendo umodzi unakwera m'mwamba, ndipo akanagwera m'nyanja chagada woperekezayo akanapanda kuwagwira lamba wa jekete n'kuwakhazika pathabwa ngati thumba.

"M'bwato saimirira, bambo!"

"Sindinaimirire. Ndimawongola mwendo."

"Munaimirira."

"Iwe, umatsutsana ndi akuluakulu?"

"Pokhapokha akaimirira m'bwato."

A Bwererani anapumira m'mwamba, akufinya sokosi. Koma pakona pa mlomo wawo panaoneka kanthu konga kumwetulira. Woperekezayo anakapa madzi ndi chitini, n'kuyambanso kupalasa.

Anazungulira thanthwe lalikulu, mathithi n'kuonekera. Madzi ankagwa kuchokera pamwamba pa phiri, oyera ngati nsalu yatsopano, nkhungu yake ikufika mpaka kumaso. Akakowa anali ndandanda panthambi youma, ndipo pansi pa bwato tinsomba tinkaoneka bwinobwino tikusewera pakati pa mizu ya maluwa a m'madzi. A Bwererani anaika chipewa pamaondo.

"Mayi a mwana wangayu akanakonda malo ano," anatero pamapeto pake, mawu atafewa. "Anatisiya mwanayo ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinaphunzira kuluka tsitsi, ine, ndi zala izi. Anzake ankamuseka kusukulu kuti mizere yake ndi yokhota ngati msewu wa m'phiri, koma sankalola wina kumuluka. Ndiye lero ndimupereke kwa munthu wobwereka mswachi?"

Woperekezayo anawayang'ana. "Bambo, pali funso limodzi limene simunafunse."

"Usandiphunzitse kufunsa mafunso. Ndafunsa anthu zaka makumi atatu."

"Chabwino."

"Amamwa mowa?"

"Ayi."

"Ungadziwe bwanji? Mwina amamwa iwe kulibe."

"Sapita kulikonse ine kulibe."

"Amakutsatira paliponse?"

"Paliponse."

"Ndi kubafa komwe?"

"Makamaka kubafa."

A Bwererani anatseka maso. "Nanga panopa ali kuti?"

"Panyanja pano."

"M'bwato?"

"Eya."

"Ndinadziwa! Ndi uja wobwerera chambuyo osacheuka uja!"

"Ayi, bambo, si ameneyo."

"Ukumubisa. Chabwino. Ndiyankhe ichi: mwana wanga amamukonda zoona, kapena waona kuti kuli bedi lina laulere?"

"Amamukonda, bambo. Kwambiri."

"Za mumtima mwa munthu ungazidziwe iwe?"

"Akayamba kumuganizira, chakudya chimandikanika ine. Mwana wanu akaimba foni, manja anga amanjenjemera. Tsiku lina ndinagwetsa nkhafi pomwe pano, alendo n'kupalasa ndi manja mpaka kumtunda."

A Bwererani anatsegula diso limodzi, kenaka linalo. "Taima kaye. Manja a ndani?"

"Anga."

"Iwe mwana wanga unamuonapo?"

"Eya."

"Kangati?"

"Loweruka lililonse akapuma kuntchito."

"Ooo, umawaperekeza akamakumana."

"Ndimakhalapo, bambo."

"Nthawi yonse?"

"Kuyambira poyamba mpaka pomaliza."

"Kalanga ine, mwana wa eni! Kuphikira munthu, kumuchapira, ndiye n'kumakhalanso pamenepo kuonerera!" Anamuloza ndi chipewa. "Tandiyang'ana. Iweyo, mwana wanga umamukonda?"

"Eya, bambo."

"Usachite manyazi. Kwambiri?"

"Kwambiri."

"Iye akudziwa?"

"Ndinamuuza."

"Anati chiyani?"

"Anati nayenso."

A Bwererani anawomba m'manja mwamphamvu mpaka akakowa onse anauluka. "Ndiye vuto lili pati? Ntchito uli nayo, nyumba uli nayo, malamulo umatsata, pobwerera umacheuka. Ukwatire ndiwe!"

"Ndingakondwe kwambiri, bambo."

"Basi, zatha. Ujayo ukamutulutse m'nyumba lero lomwe."

"Zimenezo sizingatheke."

"Chifukwa?"

"Akatuluka iye, inenso ndatuluka."

"Nyumbayo si yako?"

"Ndi yanga."

"Ndiye umuponyere katundu wake panja!"

"Katundu wake yense ndi wanga, bambo."

"Umutsekere kunja!"

"Kiyi amasunga m'thumba mwanga."

"Koma abale! Chabwino, m'nyumba akhale. Koma paukwati asadzaponde."

"Akapanda kubwera, ukwati sungachitike."

"Bwanji?"

"Adzakhala atavala suti yanga."

"Tidzakugulira ina!"

"Adzavalanso imeneyo."

A Bwererani anayamba kudzuka, woperekezayo n'kukweza chala. Anakhalanso pansi, akututuma ngati ketulo.

"Tamvera, mwana wanga. Ndikukutcha mwana wanga, wamva? Munthu ameneyu akukudyera masuku pamutu. Mawa ukadzakwatira, adzagona pati?"

"Pabedi pomwepo."

"Ndi mkazi wako ali pomwepo?"

"Ndi mmene takonzera."

"Mwakonza! Mwakonza ndi ndani?"

"Ndi mwana wanu."

"Wavomera zimenezo?"

"Ndiye anasankha makatani."

"Tembenuza bwato! Ayi, usatembenuze! Ndipititse kwa iyeyo, ndikamuone ndi maso angawa!"

Woperekezayo anaika nkhafi pamiyendo n'kukhala phee.

"Bwanji sukupalasa?"

"Mwati ndikupititseni kwa iye."

"Eya!"

"Tafika."

A Bwererani anayang'ana kumanzere: madzi. Kumanja: mathithi. Anasuzumira pansi pa thabwa lomwe anakhalira, n'kupezamo chitini chokha.

"Ukundiyesa chidole? Ndakuyamikira pang'ono basi wayamba kundiseweretsa? Tsiku lonse ukungomuikira kumbuyo munthu ameneyu! Ndi mbale wako?"

"Ayi."

"Munabadwa mapasa?"

"Ayi."

"Anakupulumutsa kwa ng'ona?"

"Muno mulibe ng'ona, bambo."

"Nanga bwanji ukumumvera chisoni chonchi? Kodi munthuyo ndiwe?"

Woperekezayo anatulutsa mpweya wautali ngati tayala lobooka, mapewa n'kugwa. "Eya, bambo. Zikomo kwambiri pofunsa."

Kakowa mmodzi anabwerera panthambi paja. A Bwererani anayang'ana yunifolomu, anayang'ana chibwano chometedwa bwino, n'kuyang'ananso yunifolomu.

"Ndiwe."

"Ndine."

"Wa bedi uja."

"Bedi ndi langa, bambo."

"Bwanji sunanene kumtunda kuja?"

"Mwana wanu anati ndisanene mpaka mufunse. Inunso munati ndiziyankha zokhazo zimene mwafunsa."

"Ndiye wolakwa ndine?"

"Limenelo ndi funso, bambo?"

"Ayi! Usayankhe!"

Anavala chipewa, anachivula, n'kuchivalanso chotembenuza. Woperekezayo anadikira, thukuta likutsikira m'khosi, manja atagwira nkhafi ngati akudikira zotsatira za mayeso.

"Tamvera bwino," anatero a Bwererani, atawongola msana. "Ine chiyambire sindinasinthepo maganizo, ndipo sindiyamba lero pamaso pa mbalame. Uja wofuna mwana wanga popanda ine kumudziwa ndinamukana, ndipo ndamukana ndithu."

Nkhope ya woperekezayo inagwa. "Ndamva, bambo."

"Iweyo ndakusankha ndekha, ndi maso anga, ndipo ndakusankha ndithu. Ukwati ulipo."

"Koma bambo... ameneyo ndi ine ndi munthu mmodzi."

A Bwererani anakhazikika bwino pathabwa, anamangitsa lamba wa jekete, n'kuloza kumathithi kuti bwato lisendere pafupi.

"Imeneyo ndi nkhani yanu awiri, mukakambirane kunyumba. Palasa."