Ndalama Zosakwinyika za Amayi Anga

Olemekezeka mfumu yathu, Eze Udensi Ikwuagwu, eni nthaka ino ya Uzuakoli. Olemekezeka abusa athu. Bambo Okereke, apampando a komiti ya nyumba ino. Alendo athu ogula ndalama zakale ochokera ku Lagos. Amayi ndi abambo, ndakulonjerani nonse.

Ndathokoza kuti mwandiitana ine Adaugo, nkhalamba yopuma pa uphunzitsi, kudzatsegula nyumba yosungiramo ndalama zakale muno mmene munali banki yathu. Koma mundikhululukire, sindinabwere ndi mawu otsekemera.

M'mawa uno mmodzi mwa alendo athu waunika ndi kagalasi kake mapaundi a Biafra amene ndapereka kuno, n'kunena kuti, "Mama, muli ndi mwayi inu! Sanapindidwepo awa, alibe thukuta, alibe n'kadontho komwe ka mafuta. Okwinyika ali mbwee, koma oterewa mtengo wake ndi wina." Bambo Okereke n'kundikodola: "Mama, tiyeni tigulitseko, denga la nyumba ino likudontha."

Musaseke, abale anga. Mtima wandiwawa.

Amayi anga analandira ndalamazi pa zenera la banki ilo nthawi ya nkhondo ya Biafra, atagulitsa makina awo osokera. Anaziika m'buku la nyimbo, ulendo ku msika wa m'thengo kukafuna mchere ndi nsomba zouma, pakuti mlongo wanga Uchendu anali atatupa miyendo, tsitsi litafiira. Anabwerako chimanjamanja. "Adaugo mwanawe," anatero, "kumsika kuli ogula okhaokha. Aliyense ndalama m'manja, pansi palibe kanthu." Anapitanso, anapitanso, mpaka mapazi anang'ambika. Uchendu tinamuika m'mphasa kuseri kwa khitchini, ndipo amayi sanatsegulenso bukulo.

Mlendo wathu, simunalakwe, ntchito yanu mumaidziwa. Koma kuno kwathu ndalama yokwinyika ndi imene inadyetsa munthu, pomwe yosalala ndi imene inasowa chogula. Inu mukaona yosalala mumakweza mtengo, ife tikaiona timafunsa kuti anamwalira ndani pakhomopo.

Choncho Bambo Okereke, za dengazo tisonkha, ndipo ine ndiyamba lero lomwe. Koma pepala ngakhale limodzi lisatuluke m'tauni muno! Ndaona mwamata mitengo pansi pa magalasi. Pansi pa ndalama zanga muchotsepo, mulembepo kuti: Uchendu, wa zaka zinayi.

Ndi mawu amenewa, ndi mtima wolemera, ndikulengeza kuti nyumba ino yatsegulidwa. Lowani mwakachetechete, monga mmene timalowera pasiwa.

Zikomo kwambiri.