Akuti ndinawamana impso amuna anga

Aulutsi, ndine mayi wa ana atatu kuno ku Tembwe, m'boma la Chama. Chonde muwerenge nkhani yangayi, chifukwa apongozi anga amakhulupirira wailesi kuposa ine.

Amuna anga anayamba kutupa miyendo ndi nkhope, mkodzo nkumangodontha. Kuchipatala anati impso zasiya kugwira ntchito. Masiku omwewo mphunzitsi wina anabwera ndi vidiyo ndi jenereta, mudzi wonse tinakaonera filimu kusukulu. Mufilimumo bambo wodwala impso anagona kamodzi kokha pamakina osefa magazi, mkazi wake nkumupatsa impso, posakhalitsa uyo akuvina paukwati. Apongozi ananditembenukira nati, "Mwaona, amake mwana? Mkazi weniweni amatero."

Sindinakane. Tinapita mpaka ku Lusaka, ndipo ndinauza adokotala kuti anding'ambe, atenge yanga. Anandiyankha kuti opaleshoni imeneyo saichita kawirikawiri m'dziko muno, ife sitingaipeze. Makinawonso sachiritsa, munthu amabwererapo sabata ndi sabata moyo wake wonse. Ife a ku Chama tikanakhala kwa yani?

Manje tinabwerera. Amuna anga akupuma movutikira pamphasa, ndipo abale awo sandiyankha moni. Kuchitsime akuti ndinaumira, impso ndikusungira mwamuna wina.

Inu opanga mafilimu, munthu wanu anavina, koma wanga sangathe ngakhale kukhala tsonga. Ngati pali adokotala amene akumvetsera, impso zanga zonse zilipo. Bwerani mudzatenge imodzi. Zikakanika, mungobwera mudzawauze apongozi kuti sindinakane.