Masamba pamsewu wa ku Chiradzulu

Anzanga omvera, ine ndimagwira ntchito ku Limbe, koma banja ndinalisamutsira ku Chiradzulu, munsi mwa phiri. Basi sinali yodalirika, lole ya Mmwenye wina imene tinkakwera inkadzaza fodya, choncho ndinagula njinga yoti ndizipitira kunyumba Loweruka lililonse.

Tsiku lina, nditayandikira kwathu, ndinapeza masamba ataikidwa pamsewu, chizindikiro cha maliro. Mwa mwambo ndinatsika njinga n'kuvula chipewa.

"Pepani bambo, watisiya ndani?" ndinafunsa mkulu wina.

Anayang'ana kadiresi katsopano kamene ndinagulira mwana wanga n'kukamanga pakaliyala.

"Bweretsani njingayo, ndikukankhireni," anatero.

Womwalirayo anali mwana wanga wamkazi. Sindinalire, ndipo mpaka lero misozi sinabwere. Ndimangotsikabe njinga pamalo pomwepo, ngakhale masambawo anachotsedwa kalekale.